Mbiya Zoboola Pansi

Ndikulemba ndekha ndi dzanja langa lonjenjemerali, chifukwa ndikapempha munthu kuti andilembere adzathiramo mchere wake. Anthu ndimawadziwa ine. Ukawauza kuti waona mvuu imodzi, pofika kuchitsime zasanduka khamu, ndipo ina mwa izo idakupatsa moni. Tsono zidzukulu zanga zikafuna kudziwa chimene chidachitika kuti mayi wawo akwatiwe, ziwerenge pano, zisakafunse kwa anthu.

Tinkakhala kwa Makhuwira, m'mphepete mwa dambo lalikulu lija limene mtsinje wa Shire umamwazikiramo. Zidali zaka zija nkhondo ya Ajeremani itangotha, amuna otsala atabwerako ku mtengatenga ali mafupa okhaokha. Madzi adaphwa kotero kuti sitima zidaleka kukwera mtsinje, ndipo anthu ankalowa m'dambo kukabzala thonje ndi chimanga pamalo pamene kale pankaothera dzuwa ng'ona.

Amayi anga adali woumba. Mitsuko yawo ukaigogoda inkalira ngati belu la kumishoni. Koma chaka ndi chaka, mapira akacha, ankaumba mbiya imodzi yachilendo, yaitali khosi, ndipo dongo likadali lofewa ankaiboola pansi ndi chala. M'kati mwa khosimo, mmene diso silifika, ankadindamo ndi chikhadabo timizere tosanjikizana ngati mamba a nsomba. Akaiotcha ankaikwirira kuseri kwa nyumba mpaka m'khosi, n'kuthiramo mowa. Mowawo unkangopita pansi. Anthu ankaseka, amati woumba wanji woboola mbiya yake yomwe. Ena ankanong'ona za ufiti. Mwamuna wanga, amene adali atayamba kalasi ya ubatizo, ankangoyang'ana kumbali ngati sakuona.

Amayi sadabadwire m'mudzimo. Pa njala yaikulu ija, nthawi ya anthu a mfuti, adapezeka m'mbali mwa mtsinje ali kamtsikana, ndipo amene adawatola adawasinthitsa ndi dengu la mapira. Ndiye dzina lathu lidali ana a m'dengu. Pamaso sankatitchula choncho, koma ine makutu anga ndi a khoswe. Iwo amayi ankati kwawo n'kuchilumba cha m'kati mwa dambo, kumene kudali bwinja la mudzi wakalekale ndi kachisi wake pansi pa mtengo wa njale. Ankati mudziwo udatha agogo a agogo awo asanabadwe, koma akazi a mtundu wawo ndiwo ankalowa kukachisiko kukakwirira mbiya zoboola, kuti mowa wa nsembe uzifika kwa ogona pansi. Palibe ankawamvera. Pakati pa dambolo padali potseka ndi gumbwa, bwato silinkapyola, ndiye aliyense akadatha kunena kuti m'katimo muli chilichonse. Ngakhale ine ndinkakayika. Munthu wogulidwa amadziumbira kwawo m'mutu, ndipo amayi kuumba ankakudziwa.

Vuto lidabuka mwana wanga woyamba atatha msinkhu. Adakondana ndi mnyamata wolimbika, wodziwa khasu, wosamwa uchema. Koma mayi wa mnyamatayo adali anamkungwi a m'mudzimo, amene ankalangiza anamwali onse, mayi wonenepa wa mawu olemera. Iwowo adakana kutumiza ankhoswe. Ndidawamva ndekha ndili kuseri kwa nkhokwe, akuuza anzawo pamtondo kuti, "Mwana wanga akalowe chikamwini pakhomo lopanda mizu? Ana ake akadzadwala adzakathira nsembe kwa yani? Kwa dengu?" Anzawowo adaseka mpaka kusiya minsi. Mwana wanga adaleka kudya, adaleka kupesa, ankangokhala pakhonde maso ali kunjira.

M'miyezi yotentha ya chaka chimenecho moto udalowa m'dambo n'kupsereza gumbwa wouma. Utsi utatha, asodzi adayamba kunena kuti m'kati mwenimweni mwaoneka chilumba chokwera, chokhala ndi njale wamtali woyera mbuu, ndipo palibe msodzi amene ankafuna kuyandikirako. Mawu amenewa atafika pakhomo pathu, amayi adali kuumba. Adaimirira osagwira ndodo, dongo likugwa m'manja. "Ndi kwathu," adatero. "Ndinyamuleni."

Usiku sindidagone ndi chimwemwe chosakaniza ndi mantha, koma m'mawa mutu udali utabwerera m'malo mwake. Ndidadziwa kuti tikapita tokha, tikabwera ndi nkhani, adzati tapeka. Tikasankha tokha wotiolotsa, adzati tamudyetsa nkhuku. Ndidatenga mbiya yoboola imene amayi adali atangoiotcha, n'kupita nayo kwa anamkungwi.

"Odi kuno!"

"Odini. Kodi ndi amake namwali? Mwatibweretsera chiyani, sefa?"

"Ndakubweretserani ulendo," ndidatero. "Mbiya iyi muisunge inu, m'nyumba mwanu. Mwini bwato musankhe inu. Tsiku munene inu. Amayi abwera madzulo ano kudzanena pamaso pa abale anu zimene tikapeze kuchilumba. Tikakapeza zina, mwana wanga aiwale mwana wanu, ine sindidzatsegulanso pakamwa. Koma tikakapeza zomwezo, ankhoswe abwere."

Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adaseka ndi mimba yonse. "Inu mayi, ngakhale mthunzi wanu mumaucheukira."

"Umandilondola kwambiri," ndidawayankha.

Adavomera, chifukwa adali otsimikiza kuti akatiseka mpaka chaka cha mawa. Madzulo amayi adanena zawo pamaso pa abale a anamkungwi. Mawu awo ankatuluka mopindika chifukwa cha chiboo cha pelele, chokometsera cha akazi akale, chimene chidatsala pamlomo wawo wam'mwamba, koma aliyense adamva. Adati tikapeza miyala yoimika mozungulira, pamene m'dambo monse mulibe mwala ngakhale wophwanyira mtedza. Adati m'kati mwa miyalayo muli mbiya zokwiriridwa, zoboola pansi, zodinda mamba m'khosi. Ine ndinkangoti mumtima, amayi inu, mukadachepetsako, mwalonjeza zambiri.

Tidanyamuka dzuwa litangotuluka. Wotiolotsa adali msodzi wina wa Chisena amene adathawa kwa Apwitikizi, munthu wosalankhulalankhula, fodya ali m'tsaya. Adaima kumbuyo kwa bwato ndi mphondo yake, nsungwi yaitali yokankhira pansi. Amayi adakhala kutsogolo atavala nsalu yakuda, chipanda cha mowa wa mapira chili pamiyendo. Maso awo adali atachita ng'ala, ankangoona kuwala ndi mdima. Anamkungwi adabereka mbiya ija kumsana ngati khanda, ndipo atalowa m'bwato madzi adakwera mpaka m'milomo mwake.

"Amama, khalani pakati," adatero mwini bwato. "Mukatsamira uko tikadya ndi ng'ona."

"Bwato lako n'lachibwana," adayankha anamkungwi. "Udasema mtengo kapena phesi?"

Ine ndidakhala moyang'ana kumbuyo, nkhope yanga ili kwa mwini bwato. Ndidati madzi adziona okha, ine ndiona munthu.

Koma dambo lidandigonjetsa, ndinkacheuka ndithu. Ndidabadwira m'mphepete mwake, koma m'kati ndidali ndisanalowemo. Tidadutsa m'timakwalala ta madzi topapatiza, bango likutikwapula m'mapewa, kenaka mwadzidzidzi kudatseguka thamanda lalikulu lodzaza ndi maluwa a nyika, oyera ndi obiriwira, mpaka kumene diso limathera. Akakowa adanyamuka onse pamodzi ngati thonje lamwazika ndi mphepo. Atsekwe ankadutsa pamwamba pathu akukangana. Mvuu idatulutsa mphuno chapatali, idafwenthera, n'kumira. Amayi adayamba kununkhiza mpweya.

"Fungo ili," adatero. "Matope awa ndikuwadziwa."

"Matope ndi matope, ambuya," adatero anamkungwi. "Ngakhale kuseri kwa khola langa amanunkha chomwechi."

Dzuwa lisanafike pamutu mwini bwato adakhotera kudzanja lamanja, adakankha kangapo, bwato n'kugunda mtunda. Padali kachilumba ka migwalangwa, ndipo pakati pake padaima njale, woyera ndithu. "Ndi penepa, amama," adatero m'Chisena chake, ndiye kuti ndi pompano. Adalavula fodya n'kukhala pansi.

Tidatsika. Amayi adagwada, adaomba m'manja, adayamba kukwawa akupapasa pansi. Adapapasa uku, adapapasa uko. Mchenga wokhawokha. Adafika pa njale, adaukumbatira, manja awo adakumana kuseri kwake. Ine ndidazungulira kachilumba konse ndikupalasa ndi phazi. Mwala padalibe, ngakhale phale limodzi.

"Kaya mwina ndasokonezeka," adatero amayi ndi mawu aang'ono. "Ndidali mwana."

Anamkungwi sadaseke mokweza. Adangomasula mbiya kumsana, adaiika pamchenga, n'kusasa m'manja. "Basi, ambuya, musadzivute. Ukalamba ndi choncho. Tiyeni dzuwa lisanatipweteke."

Ndidaona nkhope ya mwana wanga pakhonde paja. Koma chizolowezi sichitha, maso anga adali akugwirabe ntchito okha. Kuseri kwa mgwalangwa wina ndidaona phulusa, mafuwa a zibuma za dothi, ndi mamba a nsomba ali mbwee. Chapafupi padali timitengo tozika toyanikapo nsomba. Ndidagwira phulusalo, lidali losanyowapo mame ambiri. Kenaka ndidayang'ana mwini bwato. Iyeyo sankayang'ana ife, sankayang'ana madzi, ankayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Bambo," ndidamuitana. "Paja asodzi amati chilumba cha njale amachiopa?"

"Amachiopa, amama."

"Nanga amene amawamba nsomba apa ndani? Mizimu?"

Ndidatembenukira kwa anamkungwi, ndidatsitsa mawu ngati ndikuwachitira ulemu. "Munthuyu mudasankha ndinu. Watitsitsa pachigono cha asodzi n'kumati ndi pakachisi. Ine sindikuti mudapangana. Koma tikabwerera kumudzi, anthu akandifunsa, ndidzangonena zimene ndaona, iwo adzamaliza okha."

Ha! Mukadaona mmene nkhope yawo idasinthira. Mayi amene ankalangiza ana a eni kuti bodza n'loipa, amveke kuti adagula msodzi kuti anamize nkhalamba yosaona? Adayenda kupita pabwato, nthaka ikumva.

"Iwe! Ndakusankha pakati pa amuna onse kuti undivule nsalu pagulu? Chilumbacho chili kuti?"

"Nkhabe, amama, kumeneko nkhabe," adatero akupukusa mutu, kukana kwa Chisena. "Ndili ndi ana ine. Mnzanga adangoloza ndi chala, chala chidatupa."

"Ine ndikutupitsa thupi lonse. Imirira!"

Adakangana mpaka adagwirizana kuti atifikitsa, koma phazi lake silikaponda mtunda, ndipo tikachedwa atisiya. Anamkungwi adaberekanso mbiya ija, ine polowa m'bwato ndidatenga chikho chake chokapira madzi n'kuchikhalira. Bwatolo linkachucha, popanda chikho sakadapita patali.

Njira ya kumeneko idali yovuta. Tidalowa mmene mudapsa moto, zitsa za gumbwa zili bii, madzi osafika m'bondo. Pena bwato linkakakamira, ine ndi anamkungwi n'kutsika kukankha, matope akutimeza mpaka m'ntchafu, misundu ikutikwera. Anamkungwi ankatukwana dambo, msodzi, ine, ndi mwana wawo yemwe chifukwa chokonda mosaona. Kenaka tidazungulira khoma la bango, ndipo ndidauona. Njale uja wa pachigono adali mwana. Uyu adali mtengo wowongoka ngati mzati wogwira thambo, woyera ngati wopakidwa ufa, nthambi zili kumwamba kwenikweni. Pansi pake chilumba chidakwera ngati msana wa ng'ombe, chili ndi nkhalango yakeyake imene moto sudaikhudze.

Ndidafuula ndisanaganize. "Amayi! Uyo! Uyo!"

"Usaloze!" adakuwa mwini bwato.

Bwato lisanagunde, amayi adati tisiye chitsulo chilichonse, kukachisi sikulowa chitsulo. Ndidasiya kampeni kanga. Anamkungwi adavula makoza achitsulo a m'manja akung'ung'udza, adawamanga pakansalu, ndipo atayang'ana msodzi adandipatsa ine maso ofunsa. "Ikani pansi pa chikho ichi," ndidatero, "chikhocho tibise pamtunda." Adagwedeza mutu. Pa tsiku lonselo kadali koyamba kuti tigwirizane.

Ndidati anamkungwi atsogole, kuti asadzanene kuti ndidagwetsa kanthu m'njira. Amayi ndidawabereka ine. Adali opepuka ngati mtolo wa bango. Titangokwera kamtunda, pansi padayamba kulira khwechekhweche. Ndidayang'ana, mapale! Mapale okhaokha, ofiira, akuda, ena a mizere, osakanikirana ndi zigoba za nkhono, kotero kuti sukadaponda dothi osaponda phale. Amayi adamva kulirako ndi makutu. Adandifinya m'khosi mpaka ndidatsokomola.

"Nditsitse. Nditsitse, mwanawe, ndiyende ndekha."

Tidaomba m'manja pamalire a mitengo, n'kulowa. M'katimo mudali mozizira, mwachete, ngakhale udzudzu unkaimba motsitsa. Tidayamba kuona timitumbira tozungulira, tosalala pamwamba, tondandalika ngati anthu akhala pabwalo. Amayi adati ndi pamene padali nyumba. Pa kamtumbira kalikonse padali mphero, mwala woperera, ndipo ina idaperedwa mpaka kubooka pakati. Ndidagwada pa imodzi n'kuyika manja mmene mudakumbika. Manja anga adakwanamo bwinobwino. Ndidaganiza za akazi amene adapera pamenepo, mayi kusiyira mwana, mwana kusiyira mdzukulu, mpaka mwala kutha ngati sopo. Tsitsi lidandiimirira, koma sikudali kuopa. Ndinkafuna kuthamanga, kuona zonse nthawi imodzi, kuitana mudzi wonse.

"Miyala iyi idachokera kuti?" adafunsa anamkungwi. Mawu awo adali atachepa.

"Kumapiri uko," adatero amayi akuloza ndi chibwano cha ku Thyolo. "Pamutu ndi pabwato. Amene adanyamula sitiwadziwa. Ifenso tidangoipeza."

Mbali ina madzi adagumula gombe, ndipo dothi lidaoneka ngati mkate wodula. Mapale adasanjikizana kuyambira pamwamba mpaka pansi kupitirira msinkhu wanga. Apamwamba adali ngati athu. Apansi adali okhuthala, a milomo yopindika mwa mtundu wina, mizere yake yosadziwika. Ndidaima pamenepo pakamwa pali yasa. Anthu pansi pa anthu, pansi pa anthu enanso.

Amayi sadaime. Ankayenda manja ali patsogolo, akukhota okha pamene pafunika kukhota. Madzi saiwala khwawa. Tidawatsata mpaka patsinde pa njale, ndipo pamenepo padali miyala yoimika, yofika m'chiuno, yozungulira ngati khola, ina itagwa, ina itakulungidwa ndi mizu. Anamkungwi adaigwira umodzi umodzi ngati akufuna kuigwira bodza.

"Miyala ilipo," adatero. "Koma miyala aliyense akhoza kuimva kwa asodzi akale. Mbiya zili kuti?"

Funsolo lidali loona, ndipo inenso ndinkalifunsa mumtima. M'kati mwa miyalamo mudali masamba owola okhaokha, osalala ngati pabwalo. Amayi adalowa, adayamba kuponda ndi chidendene pang'onopang'ono, mutu ataupendeketsa. Apa dii. Apa dii. Kenaka penapake pansi padayankha mwa mphako, ngati ng'oma yakutali.

"Apa."

Ndidagwada kuti ndifukule, koma ndidadzigwira. Ndidabweza manja kumbuyo. "Fukulani ndinu, anamkungwi. Manja anga angabweretse mbiya m'zikhadabo."

Adandiyang'ana moipa, koma adagwada. Adapalasa masamba, adapalasa dothi lakuda, ndipo chala chawo chidagunda chinthu cholimba chozungulira. Adalondola ndi chala mozungulira monse. Mlomo wa mbiya. Adapalasa pambali, mlomo wina. Pambali pakenso wina. Adayamba kufukula ndi manja onse awiri ngati galu pa una wa mbewa, thukuta likugwa, ataiwala ulemu wawo wonse. Kulikonse kumene ankapalasa kunkatuluka mlomo, wina wosweka, wina wathunthu, yothithikana ngati zisa za mavu. Ine ndinkalumpha pamalo amodzi. Mayi wa ana, ndinkalumpha ngati kamwana koona ngumbi.

"Pisani dzanja," ndidatero.

"Nanga mukakhala njoka?"

Ndidathyola kamtengo, ndidatakasa m'mbiya imodzi, mudatuluka nyerere zokha. Adachotsa dothi la m'katimo pang'onopang'ono, adapisa mpaka m'chigongono. Ndinkayang'ana nkhope yawo, osati dzanja. Poyamba zala zidayenda m'khosi. Maso awo adatseguka. Adatulutsa dzanja, adamasula mbiya ya amayi kumsana, adapisa m'khosi mwake, adabwereranso m'yakaleyo. Adatero kangapo, uku ndi uku.

"Mamba," adanong'ona.

"Pitirizani pansi."

Adapisa mpaka phewa lidagunda dothi. "Chiboo chilipo. Koma chatsekeka. Mwalowa muzu." Adakoka, muzuwo sudasunthe. Udali muzu wa njale, wonenepa ngati chala chachikulu, udalowa pachiboo n'kudzaza. Pamenepo ndidapuma mpweya umene ndidaugwira chichokereni kumudzi. Mbiya yokwirira dzulo ilibe muzu wotero. Ngakhale munthu wokayika ngati ine sakadapeza pothawira.

Anamkungwi adakhala pansi, miyendo tambalale, dothi lili mpaka m'mapewa. Kenaka adati, "Amene adandilangiza ine unamkungwi ankanena za akazi a pachilumba amene ankatsegulira mvula njira. Ankati adatha onse pa njala ija, sadatsale ndi mmodzi yemwe." Adatembenukira kwa amayi. "Ambuya, zaka zonsezi mudali chete bwanji?"

"Ndinkanena," adatero amayi. "Inu munkaseka."

Anamkungwi adakwawa ndi maondo, mayi wolemera uja, mpaka pamapazi pa amayi, n'kuomba m'manja mwa ulemu wa kwa akulu. Kenaka adaponya mutu kumbuyo n'kuimba nthungululu. Mbalame zidabalalika m'mitengo. Ine ndidalandira, amayi adalandira ndi mlomo wawo wobookawo, ndipo kugombe tidamva msodzi akufuula kuti, "Amama! Muli moyo?"

Dzenje la mbiya yatsopano adakumba ndi anamkungwi omwewo, pamalo pamene amayi adaloza ndi phazi. Tidaiika, tidakwirira mpaka m'khosi. Amayi adatsegula chipanda. Adatchula amayi awo, adatchula agogo awo, adati ena onse amene sindikudziwani mugawane. Adati ndabwera mochedwa, njira idatseka, koma chaka chilichonse ndinkakutumizirani kuchokera kuchilendo, kaya zinkafika. Adathira. Tidamva mowa ukutsika, kulukulu, kulukulu, mpaka zii. Adathiranso, n'kunena dzina la mwana wanga.

Potuluka ndidatsalira m'mbuyo, monga mwa chizolowezi changa, ndipo ndidaona anamkungwi akuwerama ngati akuchotsa munga kuphazi. Pamene adaweramuka, mpindiro wa nsalu yawo m'chiuno udali utatupa pang'ono. Amayi adali atanena kale kuti pachilumbapo sipachoka kanthu. Ndidayenda mpaka ndidafanana nawo.

"Anamkungwi, mwana amene mwabereka m'chiunoyo ngwa pano. Akalira usiku kwanu, ine sindidzabwera kudzamutonthoza."

Adaima, adandiyang'ana, adaseka mpaka misozi. Adatulutsa phale la mamba n'kuliika pansi bwinobwino. "Ndimafuna ndikawaonetse aja a pamtondo. Koma inu asewere, maso anuwa! Mwana wanga adzalimba pakhomo panu?"

Asewere. Mawu amene amaitanirana anthu amene ana awo akwatirana. Ndidawamva bwino, adalowa mpaka m'mafupa, koma nkhope sindidaisinthe. "Akakhala wosabisa kanthu m'chiuno, adzanenepa," ndidatero.

Msodzi tidamupeza ali m'bwato, madzi ali m'akakolo, akukapa ndi manja. Ndidamubwezera chikho chake. Adatiyang'ana zala, adationa tili nazo zonse zosatupa, ndipo pobwerera adalankhula kuposa mmene adalankhulira chaka chonse. Amayi adagona tulo pamiyendo panga, m'zikhadabo muli dothi la kwawo. Anamkungwi ankayeseza kale mmene akafotokozere, ndipo tisanafike padooko nkhaniyo idali itayamba kumveka ngati ulendowo adaupanga ndi iwo, ndipo ankadziwa kuyambira kale kuti banja lathu si wamba. Ndidawasiya. Pakamwa pamene padatinyoza ndi pomwe padayenera kutitsuka.

Mwana wanga adatichingamira padooko. Sadafunse, adangoyang'ana nkhope yanga, ndipo ine nkhope yanga siiwerengeka. Anamkungwi ndiwo adamugwira pachibwano ndi dzanja lamatope lija n'kunena kuti, "Kapese tsitsi, mpongozi, ukuoneka ngati chitsa cha gumbwa." Mwanayo adathamanga akulira ndi kuseka.

Ine sindidasekerere msanga. Mawu a m'bwato amatha kutsala m'bwato. Ndidadikira, khutu lili kumtondo, diso lili kunjira, mpaka m'mawa wina ndidaona amuna awiri akubwera chakuno, wakutsogolo atakhwapatira tambala. Ndidawalandira, ndidawayalira mphasa, ndipo iwo akupatsana moni ndi mwamuna wanga, ine ndidamunyamula tambalayo n'kumupapasa pachifuwa, kuona ngati sadatibweretsere wodwala. Adali wonenepa.